Chuma Chikalandidwa, Makiyi Amasunga Ndani?

Tsiku limene boma lalanda chuma cha munthu wamphamvu limakoma kwambiri. Pa wailesi amalengeza kuti maakaunti ake atsekedwa, zithunzi za galimoto zikuluzikulu zikutulutsidwa pa geti zimadzaza pa Facebook, ndipo anthu amene akhala akuona zipatala zopanda mankhwala pomwe bwana akumanga nyumba yachitatu amapuma pang'ono, n'kunena kuti lero ndiye zamuonekera. Sindiwadzudzula. Nanenso mtima umakhala m'malo ndikaona kuti wakuba wagwidwa. Koma tsikulo likadutsa atolankhani amasamukira ku nkhani ina, ndipo pamatsala mafunso opanda wowayankha. Makiyi a galimoto zija ali ndi ndani? Lendi ya nyumba zija ikulowa mu akaunti iti? Nanga wosungayo akatenga pang'ono, ndani ali ndi mphamvu yomuitana kuti adzafotokoze?

Kulanda si kubweza. Bungwe la boma likatseka akaunti kapena kukhoma loko pa nyumba, limakhala langoimitsa chumacho kuti chisathawe. Mwini wake weniweni amakhala asanadziwike. Mwina ndi cha anthu onse, chinabedwa ku misonkho yawo. Mwina woganiziridwayo anachikhetsera thukuta asanalowe m'boma. Mwina theka ndi la mkazi wake, kapena la banki imene inamukongoza ndalama, kapena la munthu amene anangogula osadziwa kalikonse. Amene angamasule mfundo imeneyi ndi khoti, ndipo milandu ya chuma siithamanga. Pamadutsa zaka, nthawi zina zaka makumi awiri. Nthawi yonseyo chumacho chimakhala m'manja mwa anthu amene si eni ake, ogwira ntchito m'boma olandira malipiro wamba koma atagwirizira makiyi a mahotela, masheya a makampani ndi mabokosi a miyala yamtengo wapatali. Apa ndi pamene chuma cha anthu chimabedwa kachiwiri. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kuti woweruza asamangoonekera kumapeto, pa tsiku la chigamulo. Akhalepo kuyambira tsiku loyamba, azifunsa, azilandira malipoti, ndipo akhale ndi mphamvu yonena kuti ayi.

Dziko limene linaphunzira zimenezi movutikira ndi Philippines. Pulezidenti Ferdinand Marcos atathawa mu February 1986, mtsogoleri watsopano Corazon Aquino sanazengereze. Lamulo lake loyamba lenileni, la pa 28 February chaka chomwecho, linakhazikitsa bungwe la PCGG kuti lisake chuma chimene Marcos, banja lake ndi anzake anakundika, chimene ambiri amachiyerekeza pakati pa madola 5 biliyoni ndi 10 biliyoni. Wapampando woyamba anali Jovito Salonga, loya wolemekezeka. Bungweli linapatsidwa mphamvu zoopsa: linkatha kutseka akaunti, kutenga kampani m'manja mwake, kapena kuika katundu pansi pa ulamuliro wake palokha, osayamba lapita kukapempha kwa woweruza. Pa nthawiyo zinali zomveka ndithu. Mapepala ankawotchedwa, ndalama zinkasamutsidwa usiku, ndipo kudikira mwezi umodzi kukanakhala kupatsa akuba mpata woti akolole zonse.

Koma sipanatenge nthawi kuti madandaulo ayambe. Kampani ikalandidwa, antchito a bungwe ankayamba kuchita ngati ndi yawo. Mu 1987 nkhani ya kampani yokonza sitima zapamadzi ya BASECO inafika ku Khoti Lalikulu la dzikolo, ndipo chigamulo chake ndi chimodzi mwa zigamulo zimene ndimafuna aliyense wogwira ntchito yolanda chuma atamawerenga. Khotilo silinathetse mphamvu za PCGG, linavomereza kuti kulanda kongoyembekezera kuli ndi malo ake. Koma linanena mosapita m'mbali kuti bungwelo ndi losunga chabe, si mwini. Ntchito yake ndi kuteteza katunduyo kuti asamwazike, osati kumugulitsa, kumugawa kapena kumusintha mmene lafunira. Zili ngati munthu amene amusungitsa ng'ombe imene mabanja awiri akukanganirana: ayidyetse, ayimwetse, ikadwala ayisamalire, koma alibe ufulu woyipha kapena kugulitsa mwana wake, ngakhale mumtima atatsimikiza kuti akudziwa mbali imene ikunama.

Malamulo aakulu a dzikolo a 1987 anawonjezera chingwe china chimene chimandisangalatsa chifukwa chili ndi mano. Anati katundu alandidwe pokhapokha pali umboni wooneka poyamba, kuti chikalata cholandira katunduyo chikalembetsedwe ku khoti, komanso kuti boma litsegule mlandu pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Likalephera, kulandako kwatha kokha, popanda wina kukagwada. Milanduyo inapatsidwa khoti lapadera loweruza za katangale, la Sandiganbayan. Pambuyo pake makhoti anathetsa zikalata zina zolandira katundu chifukwa zinasainidwa ndi anthu amene lamulo silinawapatse mphamvu yotero. Anthu ambiri anakwiya, ndipo ndikumvetsa mkwiyo wawo. Koma taganizani: ngati wantchito aliyense wa bungwe angathe kulemba kapepala n'kutenga hotela ya munthu, ndiye kuti dziko langochotsa wolanda mmodzi n'kubala olanda mazana.

Kodi bungwe lolimbana ndi akuba lingathenso kuba? Yankho lili m'mbiri ya PCGG yomweyo. Mu 2017 khoti la Sandiganbayan linapeza mmodzi mwa apampando akale a bungweli wolakwa pa mlandu wa katangale wokhudza galimoto zimene bungwe linabwereka osatsata ndondomeko. Sindikunena zimenezi kuti ndinyoze ntchito yonse ya PCGG, pakuti inabweza chuma choposa mapeso 170 biliyoni, ndipo ambiri ogwira ntchito kumeneko anapirira ziopsezo zenizeni. Ndikungoti dzina labwino la bungwe silisandutsa ogwiramo kukhala angelo.

Tsopano ndiyankhe mawu amene ndimawamva kawirikawiri, ndipo ndi olemera, si oti n'kungowakankhira pambali. Anthu amati makhoti ndi amene amapulumutsa akuba. Munthu amene waba mabiliyoni amakhala ndi maloya khumi, boma lili ndi awiri otopa. Amatenga chiletso pamwamba pa chiletso, amachita apilo pa kanthu kalikonse, mboni zimakalamba n'kumwalira, mafailo amasowa. Ku Philippines komweko, mu 2019, khoti la Sandiganbayan linataya milandu ingapo ikuluikulu ya chuma cha banja la Marcos, kuphatikizapo wa mapeso 200 biliyoni, makamaka chifukwa mapepala ambiri amene boma linapereka anali mafotokope, osati zikalata zenizeni. Milandu yotsegulidwa mu 1987, yatha zaka zoposa 30, n'kugwa chifukwa cha fotokope! Zimapweteka kumva, ndipo munthu akanena kuti bola boma likanangotenga osafunsa aliyense, ndimadziwa kumene mawuwo akuchokera.

Komabe tifunse kuti analakwa ndani. Lamulo loti ubweretse chikalata chenicheni, kapena ufotokoze mokhutiritsa kumene chinapita, silinapangidwe dzulo kuti lipulumutse banja limodzi. Ndi lamulo lomwelo limene limateteza inu ndi ine tsiku limene wina adzabwere ndi fotokope yabodza yonena kuti nyumba yanu munamugulitsa. Khoti Lalikulu linali litadzudzula kale maloya a boma mu 2012 pa nkhani yomweyi ya mafotokope. Bungwe limene lasunga mlandu zaka makumi atatu osasamala zikalata zake lalephera ntchito, ndipo khoti likataya mlanduwo limakhala langoulula kulepherako. Kuchotsa woweruza sikungachize ulesi wa ofufuza, kungangoubisa. Ku Britain nakonso, mu 2020, bungwe lofufuza milandu ikuluikulu la NCA linagonja ku khoti la High Court pa nkhani ya nyumba za ku London zokhudzana ndi banja la mtsogoleri wakale wa Kazakhstan, woweruza atapeza kuti bungwelo linadalira zongoganizira mmalo mofufuza mokwanira. Kugonjako kunawawa, ndipo kunachititsa aphungu kukonzanso lamulo mu 2022. Umo ndi mmene ziyenera kuyendera: khoti liloze pamene padontha, opanga malamulo ndi ofufuza akamate.

Ndipo pamene umboni unali wokonzeka bwino, Khoti Lalikulu la ku Philippines lija linagwira ntchito imene palibe bungwe likanatha kuigwira. Dziko la Switzerland linatseka maakaunti a Marcos mu March 1986. Ndalamazo, pafupifupi madola 356 miliyoni, zinadzasamutsidwira ku banki ya ku Philippines kuti zisungidwe, koma pa pangano loti palibe wozikhudza mpaka khoti la dzikolo litapereka chigamulo chomaliza. Mu July 2003 Khoti Lalikulu linachita masamu osavuta. Linawerengera malipiro onse ovomerezeka a Ferdinand ndi Imelda Marcos pa zaka pafupifupi 20 za ulamuliro wawo, n'kupeza madola 304,372 okha. Kenako linafunsa kuti mamiliyoni enawo anachokera kuti. Yankho logwira mtima panalibe, ndipo ndalamazo zinaperekedwa ku boma. Pofika tsikulo zinali zitakwana madola 658 miliyoni chifukwa cha chiwongola dzanja. Taonani kusiyana kwake. Ndalama zimene zinakhala pansi pa diso la makhoti a maiko awiri zinachuluka pafupifupi kuwirikiza, ndipo palibe amene anabudulako. Dziwaninso kuti maiko amene amasunga ndalama zobedwa sabweza chifukwa choti pulezidenti watsopano wakalipa pa msonkhano. Amafuna chigamulo cha khoti lodziimira palokha, chopezeka mbali zonse zitamvedwa. Boma limene ladumpha makhoti ake limadzitsekera lokha njira yokatenga ndalama zimene zili kunja.

Njira yodumpha khoti si maloto, inayesedwapo, ndipo tikudziwa kumene imathera. Ku Malawi kunali lamulo la Forfeiture Act la 1966, limene linkalola nduna kulengeza kuti munthu wachita zosokoneza chitetezo kapena chuma cha dziko, n'kumulanda zonse, iye osapatsidwa mwayi wokadziteteza ku khoti. Pa pepala linkaoneka ngati chida cholimbana ndi owononga chuma. M'zochitika linasanduka ndodo yokwapulira aliyense amene wadana ndi olamula, ndipo anthu anataya nyumba, masitolo ndi minda chifukwa cha mphekesera. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, malamulo aakulu a 1994 anachita kukhazikitsa bwalo lapadera lopereka chipukuta misozi kwa ozunzidwa, kutanthauza kuti okhoma misonkho analipira zolakwa za anthu ena. Ku Saudi Arabia, mu November 2017, akalonga, nduna ndi amalonda mazana anatsekeredwa mu hotela ya Ritz-Carlton ku Riyadh, ndipo boma linalengeza kuti lagwirizana nawo kuti abweze chuma choposa madola 100 biliyoni. N'kutheka kuti ambiri mwa iwo anabadi. Koma popeza zokambiranazo zinachitikira m'zipinda zotseka, palibe nzika imene ingaone umboni, kapena kudziwa kuti wakuti anapereka zingati ndipo wakuti anasiyidwa chifukwa chiyani. Pamene palibe mlandu wa poyera, simungathe kusiyanitsa kulimbana ndi katangale ndi kuthana ndi opikisana nawo.

Pali vuto lina limene silichokera ku ndale koma ku dyera wamba, ndipo limaonekera bwino ku United States. Kumeneko apolisi amatha kulanda katundu pa mlandu umene wozengedwa ndi katunduyo, osati munthu, mwakuti mumapeza milandu yokhala ndi maina monga boma kutsutsana ndi madola akutiakuti. M'madera ambiri gawo lalikulu la zolandidwazo limatsala ku polisi komweko, ndipo pa ndondomeko yogawana ndi boma lalikulu amatha kulandira mpaka 80 pa 100 iliyonse. Wolanda akakhala kuti ndi yemwenso adzadye, maso ake amayamba kuona milandu pamene pali katundu wokongola. Nkhani ya Tyson Timbs wa m'chigawo cha Indiana ndi chitsanzo. Bamboyu anagwidwa mu 2013 atagulitsa mankhwala ozunguza bongo ochepa kwa apolisi obisala. Chindapusa chachikulu pa mlandu wake chinali madola 10,000, koma boma linafuna Land Rover yake ya madola 42,000, imene anagula ndi ndalama za inshuwalansi bambo ake atamwalira. Woweruza woyamba anakana, nati chilangocho chaposa mlandu. Boma linachita apilo, nkhani inakafika ku Khoti Lalikulu la dziko lonse, ndipo mu 2019 oweruza onse anagwirizana kuti lamulo loletsa zindapusa zopitirira muyeso limamanganso maboma a zigawo. Galimotoyo anadzaibwezeredwa mu 2020, patatha zaka zisanu ndi ziwiri. Munthuyu sanali wosalakwa, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndimaikonda. Ngakhale wolakwa ali ndi malire a zimene angalandidwe, ndipo wokoka malirewo sangakhale amene akusirira galimotoyo.

South Africa inayesa kumanga zingwezi m'lamulo lenilenilo. Pansi pa lamulo la 1998 lolimbana ndi magulu a zigawenga, nthambi yolanda chuma imene inakhazikitsidwa mu 1999 siingagwire katundu popanda chilolezo cha High Court. Khoti limasankha munthu wosamalira katunduyo, amene amayankha ku khoti, ndipo chiletso chosunga katundu chimafa pakatha masiku 90 ngati boma silinapereke pempho loti alandidwiretu. Khoti loona za malamulo aakulu linaonetsanso kuti silimangodinda chidindo. Mu 2006, pa mlandu wa Prophet, linavomereza kuti nyumba ya ku Cape Town imene inkagwiritsidwa ntchito popanga mankhwala ozunguza bongo ilandidwe. Chaka chotsatira, pa mlandu wa Mohunram, linakana kuti malo a bizinesi ya magalasi alandidwe chifukwa choti mwini wake anaikamo makina a juga opanda laisensi, pakuti munthuyo anali atalangidwa kale ndipo kumulandanso malo kukanaposa kulakwa kwake. Lamulo limodzi, milandu iwiri, mayankho awiri. Kuyeza kotereku bungwe lofufuza silingachite bwino, chifukwa ntchito yake ndi kuthamangitsa, ndipo wothamangitsa saima kuti aganizire za amene akumuthamangitsayo.

Tisiye kaye za malamulo, tiyang'ane katundu weniweniyo. Aliyense amene anaonapo bwalo losungira galimoto zolandidwa akudziwa mmene zimakhalira. Galimoto imalowa ikunyezimira. Miyezi ingapo, matayala aphwa, n'kuyamba kung'aluka m'mbali. Batire yatha mphamvu, kenako yasowa. Dzuwa laphulitsa dashibodi, mvula yalowera pa galasi limene wina anasiya losatsekeka, mipando yachita nkhungu, makoswe adya mawaya, udzu wamera mpaka kubisa nambala. Tsiku lina nyali zakutsogolo palibe, ndipo palibe amene akudziwa tsiku limene zinachoka chifukwa palibe amene analemba kuti zinalipo. Akulu amati mlandu suwola, koma galimoto imawola. Pofika tsiku la chigamulo, boma likapambana limalandira chigoba chogulitsa pa mtengo wa zitsulo zakale. Likagonja, mwini wake amalisumira, ndipo okhoma misonkho amalipira galimoto yatsopano. Njira zonse ziwiri oluza ndi anthu wamba. Kampani ndiye imafa msanga kuposa pamenepa. Akaunti ikatsekedwa malipiro a antchito amaima, mabanki amaleka kukongoza, makasitomala amathawa, ndipo anthu mazana amene sanabe kalikonse amapezeka ali pa ulova.

Mankhwala ake si achilendo. Pangano la United Nations lolimbana ndi katangale la 2003 limauza maiko kuti akhale ndi malamulo a kasamalidwe ka katundu wolandidwa, osati a kulanda kokha. Maiko ena monga France, amene anakhazikitsa bungwe losamalira katundu wolandidwa la AGRASC mu 2010, amalola kuti katundu wotha msanga agulitsidwe mlandu usanathe, ndalama zake n'kusungidwa kudikira wopambana. Pafupi ndi mzinda wa Geneva mu 2019 galimoto 25 zapamwamba zimene zinalandidwa pa kafukufuku wokhudza Teodorin Obiang, mwana wa pulezidenti wa Equatorial Guinea, zinagulitsidwa pa okushoni ya poyera pa mtengo wa madola pafupifupi 27 miliyoni, zikadali zabwino. Koma kugulitsa katundu wa munthu amene sanapezeke wolakwa ndi nkhani yaikulu, ndipo ndi pomwe chinyengo chimalowera mosavuta: okushoni yolengezedwa mochedwa, wowerengera mtengo wogwirizana naye, wogula amene ndi mlamu wa bwana. Ndiye chilolezo chogulitsa chichokere kwa woweruza, mwini wake atamvedwa, mtengo utayesedwa ndi munthu wapadera, ndipo dzina la wogula lilembedwe m'failo imene aliyense angaione. Ku Nigeria, mkulu wogwirizira wa bungwe lolimbana ndi katangale la EFCC, Ibrahim Magu, anaimitsidwa pa ntchito mu 2020 pa madandaulo okhudza kasamalidwe ka katundu wobwezedwa. Iye anakana, koma chakuti dziko lonse linkakangana za chiwerengero cha zinthu zimene bungwe lasunga chikuonetsa kuti panalibe kaundula amene onse ankamukhulupirira. Lamulo lapadera la kasamalidwe ka katundu wotere linadzabwera mu 2022.

Ndikanakhala wosaona mtima ndikanasiyira pomwepa, ngati kuti mwinjiro wa woweruza umayeretsa chilichonse. Italy ili ndi malamulo amphamvu kwambiri olanda chuma cha Mafia. Anayamba ndi lamulo la 1982, limene linadutsa phungu amene analiyambitsa, Pio La Torre, ataphedwa kale ndi zigawengazo. Kumeneko makhoti ndi amene amasankha anthu oyendetsa makampani olandidwa, ndipo malipiro a ntchitoyi ndi onona. Mu 2015 kunaphulika nkhani ku Palermo: woweruza Silvana Saguto, mkulu wa nthambi yoona za katundu wolandidwa, yemwe ankatamandidwa ngati ngwazi yolimbana ndi Mafia, anaganiziridwa kuti ankapereka ntchito zoyendetsa katunduyo kwa kagulu ka anthu ake, iwo n'kumabweza zabwino ku banja lake. Anachotsedwa pa uweruzi, ndipo mu 2020 khoti linamupeza wolakwa. Nkhani imeneyi imandiwawa kuposa zonse chifukwa inachitikira m'chipinda chomwecho chimene ndikunena kuti tichidalire.

Koma onaninso mmene inaululikira. Atolankhani anayamba kufunsa chifukwa chimene maina omwewo ankabwerezedwa pa ntchito zonona. Oimira boma pa milandu a mzinda wina, Caltanissetta, ndi amene anafufuza, ndipo oweruza ena ndi amene anagamula. Zinatheka chifukwa zosankha za woweruza zimalembedwa, zimasainidwa, ndipo pamwamba pake pali khoti lina. Ichi ndi chimene ndimadalira mu khoti, osati kuti oweruza ndi oyera mtima kuposa ofufuza. Woweruza amakakamizidwa kumva mbali zonse, kupereka zifukwa zake polemba, ndi kulola kuti wina azitsutse pa apilo. Khoti likayamba kugwira ntchito m'chipinda chotseka, mafailo osaoneka, osamalira katundu osankhidwa m'makutu, limakhala lataya chokhacho chimene chimalisiyanitsa ndi ofesi ya nduna. Choncho ndikamati khoti liyang'anire, ndikutanthauza zinthu zogwirika: kaundula wa katundu wolembedwa tsiku lolanda, wokhala ndi zithunzi ndi siginecha za mbali zonse, wosamalira katundu wosankhidwa pa mndandanda wodziwika, osaunjikiridwa ntchito khumi yekha, lipoti la ndalama zolowa ndi zotuluka loperekedwa ku khoti miyezi ingapo iliyonse, ndi tsiku lodziwika limene kulandako kudzathe ngati boma likugona.

Chigamulo chikaperekedwa, ulendo umakhala usanathebe. Ndalama zikangolowa m'thumba lalikulu la boma zimasungunuka, ndipo palibe amene angaloze chimene zinagula. Ndalama za Sani Abacha, amene analamula Nigeria mpaka imfa yake mu 1998, zinaphunzitsa dziko lapansi phunziro limeneli. Zoyamba zimene Switzerland inabweza zinadzetsa mikangano ya kumene zinapita. Pobweza madola 321 miliyoni pa pangano la 2017, anagwirizana kuti zipite kwa mabanja osauka, World Bank ikuyang'anira ndipo mabungwe omwe si aboma akulondoloza. Madola 311 miliyoni a mu 2020, ochokera ku chilumba cha Jersey ndi United States, anamangirizidwa ku ntchito zitatu zotchulidwa maina: msewu wa Lagos kupita ku Ibadan, wa Abuja kupita ku Kano, ndi mlatho wachiwiri pa mtsinje wa Niger. Ku Italy, bungwe lolimbana ndi Mafia la Libera linasonkhanitsa siginecha miliyoni imodzi, ndipo mu 1996 padabwera lamulo loti nyumba ndi minda ya Mafia izipatsidwa kwa anthu, kukhala masukulu, maofesi ndi minda ya makopaletivu. Munthu akaona ndi maso ake chimene chabwezedwa, amakhala mlonda wake. Ndikanakonda kuti zigamulo zolanda chuma zizifika mpaka apa, kulamula bungwe kuti libwerere ku khoti ndi umboni wa kumene ndalamayo yakafika.

Chifukwa china chimene ndimakakamira pa khoti n'chakuti mabungwe a boma amatsata amene ali pa mpando. Lero akuthamangitsa a boma lakale, mawa a boma lakalewo abwerera ndipo ndi amene akusankha mkulu wa bungwe, kugawa bajeti yake ndi kusamutsa ofufuza ake. Chilichonse chimene chinalandidwa ndi kapepala ka mu ofesi chingabwezedwe ndi kapepala kena, mwakachetechete. Ku Philippines zimenezi si nkhambakamwa. Kuyambira mu 2007 PCGG ili pansi pa unduna wa zachilungamo, ndipo pa 30 June 2022 mwana wa Marcos, Ferdinand Marcos Jr., analumbira kukhala pulezidenti, kutanthauza kuti bungwe lofufuza chuma cha banja lake linagwera m'nthambi ya boma imene iye akutsogolera. Angathe kusankha akuluakulu ake. Chigamulo cha 2003 chija ndiye sangachifufute ndi siginecha, pakuti chinalembedwa m'mabuku a Khoti Lalikulu pamodzi ndi masamu ake onse. Pa ndalama za ku Switzerland zija, lamulo la 2013 linapatula mapeso 10 biliyoni oti apite kwa anthu amene anamangidwa, kuzunzidwa kapena kutaya abale awo m'nthawi ya ulamuliro wankhanza, ndipo anthu 11,103 anavomerezedwa kulandira.